Feteleza mwathira koma mbewu zikungoyezuka: kuthana ndi nthaka ya njereza

Dandaulo lake silisintha chaka ndi chaka. Feteleza wokulitsa munathira pa nthawi yake, wobereketsa munathiranso, mvula sinavute, kaufiti mulibe, koma chimanga chikungoyezuka masamba. Pamalo pomwe panavuta chaka chatha ndi pomwe pavutanso. Ena amayamba kukayikira wogulitsa feteleza kuti anasakaniza ndi mchenga, ena amati mbewu inali yachinyengo, ena mpaka kumuyang'ana ndi diso loipa mnzawo wa m'malire. Musanadane ndi munthu, tengani khasu ndi botolo la viniga mupite pamalopo, chifukwa mwina nthaka yanu ndi ya njereza.

Njereza ya m'nthaka ndi mtundu umodzi ndi mwala uja amawotcha kuti tipeze yopaka nyumba. Akatswiri amaitchula kuti calcium carbonate. Kumene mvula imagwa yambiri, monga ku Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay, madzi amaitsuka n'kupita nayo pansi kwambiri, nthaka n'kutsala ya asidi. Kumene kumatentha ndipo mvula ndi yochepa, madzi amauma asanapite patali, ndiye njerezayo imatsalira momwe mizu imadyamo. N'chifukwa chake imapezeka kwambiri m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, makamaka m'makande akuda aja ong'aluka m'chilimwe. Iliponso m'zigwa zina za m'mbali mwa nyanja ndi pafupi ndi miyala ya laimu monga ku Balaka. Alimi a ku Egypt, Iraq, Pakistan ndi Spain amalimbana nayo tsiku ndi tsiku. Ndipo musaganize kuti kumtunda kulibe: dothi la pachulu nthawi zambiri limakhala ndi njereza, motero amene anagumula chulu n'kumwaza dothi lake mochuluka akhoza kukhala ndi kachigawo kotere pakati pa munda wa katondo.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti malangizo ambiri omwe timamva anakonzedwera nthaka ya asidi, poti ndiyo yachuluka m'minda ya ku Malawi. Munthu amamva kuti laimu amakonza nthaka, kuti phulusa ndi labwino, iye n'kukathira m'munda womwe uli kale ndi njereza yosefukira. Poti laimuyo ndi njereza yomweyo, ndalama yapita, vuto lakula.

Yambani ndi kutsimikiza

Kumbani pamalo povutapo, mutenge chibuluma cha dothi la pamwamba ndi china cha pansi, cha m'ma masentimita 40 kapena kuposerapo. Ziumitseni, ziphwanyeni, muike pa mbale, kenako donthezani viniga wa m'golosale. Dothi likachita thovu, njereza ilimo. Likachita thovu lambiri ngati mwatsegula botolo la zoziziritsa kukhosi, ndiye kuti ndi yambiri zedi. Viniga ndi asidi wofooka, choncho nthawi zina thovu silioneka ndi maso. Yandikizani mbaleyo kukhutu. Mukamva kuthetheka, ilimo. Madzi a m'batire ya galimoto musayesere, amawotcha khungu ndi kuboola zovala.

Pokumba yang'ananinso timiyala toyera tonga nsawawa, tina tofewa ngati choko, kapena timizere toyera m'khoma la dzenjelo. Kadonthezereni viniga nato. Yesaninso dothi la mbali ya munda imene mbewu zikuchita bwino, kuti mufananize.

Pali chinthu china choyera chimene chimasokoneza anthu: mchere. M'minda yothirira ya m'chigwa nthawi zina pamwamba pa nthaka pamayera mbee madzi akauma. Mchere umasungunuka m'madzi ndipo suchita thovu ndi viniga. Njereza sisungunuka msanga m'madzi koma imachita thovu. Mankhwala ake ndi osiyana. Mchere umafuna ngalande ndi madzi abwino ochuluka oti autsuke, pamene njereza simungaitsuke ndi kuthirira.

Ngati mungathe, tumizani dothi kukayezetsa kudzera kwa alangizi a kwanuko. Malo a kafukufuku wa zaulimi monga Chitedze ndi Bvumbwe amayeza nthaka. Nthaka ya njereza imakhala ndi pH ya pakati pa 7.5 ndi 8.5 (pH ndi muyezo wa asidi wa m'nthaka: ikakhala pansi pa 7, nthakayo ndi ya asidi). Njereza payokha siikweza pH kupitirira pamenepo, ndiye zotsatira zikabwera ndi 9 kapena kuposa, dziwani kuti mulinso mchere wina wotchedwa sodium. Iyi ndi nthaka ija yolimba gwa, yokonda kumera mitengo ya tsanya, imene madzi amangokhala pamwamba osalowa. Potumiza dothilo nenani kuti likuchita thovu ndi viniga. Njira yotchedwa Bray yoyezera fosiforasi, chimodzi mwa zakudya za mbewu, imagwiritsa ntchito asidi, ndipo njereza imapha asidiyo, zotsatira n'kunama kuti fosiforasi mulibiretu. Njira ya Olsen, yomwe inatuluka mu 1954 ku United States, ndiyo inakonzedwera nthaka zotere.

Masamba anthete achikasu, mitsempha yake ili yobiriwira

Apa ndi pamene alimi ambiri amataya ndalama, chifukwa tinazolowera kuti chikasu chilichonse ndi njala ya feteleza wobereketsa. Yang'anitsitsani kuti chikasucho chayambira kuti. Mbewu ikasowa nayitrojeni imasamutsa amene ali m'masamba akale kupita naye kunsonga, motero masamba a m'munsi ndiwo amayamba kuyezuka; pa chimanga chikasu chimayambira kunsonga ya tsamba n'kumatsika ndi msana wake. Koma ayironi, chakudya china cha mbewu, ndiye sasamuka m'thupi la mbewu. Akasowa, masamba akale amakhalabe biriwiri, ongotuluka kumene ndiwo amabwera achikasu, mitsempha yokha itatsala yobiriwira ngati ukonde. Zikafika poipa, tsamba latsopano limatuluka loyera ngati pepala n'kuyamba kupsa m'mphepete. Mtedza, soya, mapira, mpunga wa kumtunda ndi malalanje ndizo zimagwidwa msanga. Pa mtedza musasokoneze ndi kadukutu, amene amapinimbiritsa mbewu ndi kukwinyitsa masamba. Kusowa kwa ayironi sikukwinya tsamba.

Chodabwitsa n'chakuti ayironiyo m'nthakamo ngwambiri. Vuto ndi loti pH ikakwera ndi 1 yokha, ayironi wosungunuka amachepa pafupifupi ka 1,000, ndipo muzu umamwa zosungunuka basi. Ndiye kukwirira misomali yadzimbiri patsinde la mtengo sikuthandiza kanthu. Dzimbiri ndi mtundu womwewo wa ayironi umene mbewu ikulephera kudya. Ngakhale kuthira mankhwala a ayironi otchedwa ferrous sulphate m'nthaka yotere n'kutaya, chifukwa pakangopita masiku ochepa njereza imakhala itamumanga.

Njira yachangu ndi yodyetsera pamasamba. Sungunulani magalamu 5 a ferrous sulphate pa lita imodzi ya madzi, kutanthauza magalamu 80 mu sipuleya ya malita 16, muwonjezere timadontho ta sopo wamadzi kuti mankhwala amamatire. Poperani madzulo dzuwa litapepa, ndipo yambani ndi mbewu zochepa. Pakatha sabata mukaona timadontho tobiriwira pomwe mankhwala anagwera, mwapeza nthenda yake. Komabe masamba otuluka pambuyo pake adzabweranso achikasu, ndiye pamafunika kubwereza kawiri kapena katatu, motalikana masiku 10 mpaka 14. Madzi osungunulira akhale a mvula ngati alipo. Madzi a pamjigo aja amasiya zoyera m'ketulo ali ndi njereza yawoyawo, ndipo amafooketsa mankhwala asanafike patsamba.

Onaninso kathiriridwe kanu. Nthaka ya njereza ikakhuta madzi, mpweya umene mizu imapuma umatsekeredwa momwemo, n'kusungunula njereza kukhala bicarbonate, yemwe ndiye amatsekereza mizu kudya ayironi. N'chifukwa chake chikasuchi chimakula pambuyo pa mvula ya masiku angapo kapena pamalo otsika a dimba, kenako n'kuchepa pakauma. Mlimi akaona mbewu zafooka amawonjezera madzi mwachifundo, osadziwa kuti akuzipweteka. Tsegulani ngalande, kwezani mabedi, thirirani pang'onopang'ono.

Kwa olima mtedza pali nzeru ina yosalira ndalama. Mbewu za mtundu wa udzu, monga chimanga, zimatulutsa m'mizu timadzi tosungunula ayironi. Ofufuza a ku China, poyesa m'minda ya njereza kumpoto kwa dzikolo, anapeza kuti mtedza wobzalidwa mosakaniza ndi chimanga suyezuka ngati wobzalidwa pawokha, bola mizu ya mbewu ziwirizi izikumana. Kasakaniza amene makolo athu ankachita ali ndi phindu lake pano.

Chimanga chafupika, masamba ali ndi mizere yoyera yotakata

Imeneyi ndi njala ya zinki, chakudya chinanso cha mbewu. Imaoneka masabata oyambirira chimanga chikamera: mbali zonse ziwiri za msana wa tsamba mumakhala mzere wotakata woyererako kuyambira kutsinde la tsamba, pomwe msana ndi m'mphepete muli mobiriwira. Mfundo za phesi zimayandikana, chimanga n'kukhala ngati chakhala pansi. Matenda a mizere obwera ndi tizilombo amasiyana nazo: timizere take ndi tating'ono, todukaduka, ndipo amagwira phesi ili n'kusiya ilo, pamene kusowa kwa zinki kumagwira chigawo chonse cha munda. Pa mpunga wa m'madzi masamba amachita madontho a dzimbiri masabata awiri kapena anayi mutawokera. Kumene anasalaza munda n'kuchotsa dothi la pamwamba, monga pokonza minda yothirira, vutoli limakula.

Zinki ndi wosavuta kusiyana ndi ayironi, chifukwa kumuthira m'nthaka kumagwira ntchito. Makilogalamu 10 mpaka 25 a zinc sulphate pa hekitala, osakanizidwa ndi dothi pobzala, amathandiza kwa zaka ziwiri kapena zitatu. Mbewu zikakhala kuti zamera kale, poperani pamasamba muyezo womwe uja wa magalamu 5 pa lita. Pogula feteleza wokulitsa werengani thumba: 23:10:5+6S+1.0Zn ali ndi zinki pang'ono, pomwe 23:21:0+4S alibe. Pa nthaka ya njereza kusiyana kumeneku n'kwenikweni. Dziwaninso kuti kuchulutsa fosiforasi kumakulitsa njala ya zinki.

Yureya wathiridwa koma sakuoneka ntchito yake

Yureya ali ndi nayitrojeni 46 pa 100 iliyonse, koma akagwera panthaka yonyowa amasanduka ammonium pamasiku owerengeka. M'nthaka ya asidi ammonium amagwidwa ndi dothi n'kudikira mizu. M'nthaka ya njereza gawo lina limasanduka mpweya wa ammonia n'kuuluka, makamaka kukamatentha ndi kuwomba mphepo, ndipo nyengo ya ku Ngabu kapena Bangula ndi yotero. Amene amamwaza yureya pamwamba pa mzere madzulo n'kumayembekeza mvula yomwe siibwera, gawo lalikulu la thumba lake amadyetsa mphepo. Nthawi zina mukawerama pafupi ndi nthaka patapita masiku awiri mumamva kafungo konga ka mkodzo; ameneyo ndi feteleza wanu akuchoka.

Mankhwala ake ndi ndodo yosongola. Bowolani masentimita 5 mpaka 10 kuya kwake, motalikirana ndi phesi pafupifupi masentimita 10, ikani feteleza, kwirirani nthawi yomweyo ndi kupondapo. Ngati mumathirira, thirani madzi okwanira tsiku lomwelo kuti alowe naye pansi. Gawani feteleza wobereketsa kawiri m'malo mothira yense kamodzi.

Ena amva kuti sulphate of ammonia amawonjezera asidi m'nthaka ndiye ndi woyenera kuno. N'zoona, amathandiza pang'ono pafupi ndi mizu ndipo amabweretsa salifa, koma akasiyidwa pamwamba pa nthaka ya njereza naye amauluka kwambiri. Akwiriridwe ndithu. CAN sauluka ngati awiriwa, choncho ngati palibe anthu okwanira obowola ndi kukwirira, ndiye wabwinoko.

Mmera wofiirira, wokula mochedwa

Masamba a chimanga chaching'ono akamachita kufiirira m'mphepete, mizu ili yochepa, ganizirani fosiforasi. Kashiamu wa m'njereza amamugwira, ndipo pakamapita miyezi amasanduka zinthu zolimba zonga za m'mafupa, zosasungunuka. Mukamwaza feteleza wokulitsa munda wonse n'kusakaniza ndi dothi, kambulu kalikonse kamakumana ndi njereza mbali zonse. Muikeni pamalo amodzi, pafupi ndi phando, cham'mbali ndi cham'munsi mwa mbewu, kuti mizu imupeze asanamangidwe, ndipo muthire pobzala kapena mbewu zikangomera, osati mwezi wathunthu mvula isanagwe. Feteleza wa DAP asakhudzane ndi mbewu, chifukwa m'nthaka yotere amatulutsa ammonia wopsereza timizu. Ufa wa miyala ya fosifeti, ngati ija ili ku Tundulu m'boma la Phalombe, umafuna nthaka ya asidi kuti usungunuke. Pa njereza umangokhala momwe mwauikira.

Mbewu zikukanika kutuluka, madzi akuthamanga pamwamba

Njereza yosalala ngati ufa, mvula yamphamvu ikaimenya kenako dzuwa n'kuwomba, imapanga chikhungwa pamwamba pa nthaka. Chimanga chimalimbana nacho n'kutuluka, koma thonje, soya, nyemba ndi mbewu za njere zazing'ono monga chitowe ndi anyezi zimapindikira pansi n'kufera momwemo. Fukulani phando limodzi muone. Mukapeza mmera wopindika khosi, mbewu inali yabwino, chalakwa ndi chikhungwacho. Chiphwanyeni mosamala ndi kakhasu kapena kuthirira pang'ono kuti chifewe, ndipo chaka chamawa musawotche mapesi. Ayaleni pamwamba kuti madontho a mvula azigwera pa iwo.

Kumata kwa makande m'dzinja ndi kung'aluka kwake m'chilimwe sikuchokera ku njereza, ndi mtundu wa dongo lake. Kashiamu amathandiza ndithu kuti dongolo lizigwirana timibulu m'malo mophwanyika. Chofunika ndi kulima pa chinyezi choyenera. Mukalowa ndi khasu kapena pulawo dothi lili chinyowere, mumaumba zibuluma zomwe zikauma zimakhala ngati njerwa.

Mtengo unakula bwino zaka zitatu, tsopano ukuuma nsonga

Izi zimachitika ndi malalanje, manachesi, mapeyala ndi mango ena. Dothi la pamwamba linali labwino, koma mizu yafika pomwe pali njereza yambiri, kapena yagunda chimwala choyera chomwe njereza imapanga ikaundana pansi. Musanabzale mitengo ya zipatso m'dera lotere, kumbani dzenje loyesera lakuya mita imodzi, muyese ndi viniga masentimita 20 alionse. Mukapeza chimwalacho chili chopyapyala, chibooleni ndi chitsulo kuti madzi ndi mizu zidutse. Dzenje losaboola limasanduka mphika wosunga madzi. Chikakhala chochindikala, sankhani malo ena. Pokwirira dzenje musabwezeremo dothi loyera la pansi lija.

Pogula mbande zomezanitsa funsani kuti tsinde lake ndi la chiyani. Malalanje omezanitsidwa pa tsinde lotchedwa trifoliate amavutika kwambiri ndi njereza, pomwe a pa mandimu okhakhala aja kapena pa sour orange amapirirako. Kwa mtengo womwe ulipo kale, mankhwala othira m'nthaka amene amagwiradi ntchito pa pH yokwera ndi ayironi wolembedwa kuti Fe-EDDHA, wofiira moderako. Wolembedwa Fe-EDTA ndi wotsikirako mtengo koma amagonja pH ikapitirira 6.5 kapena 7. EDDHA ndi wodula, woyenera mitengo ya zipatso ndi mbewu za m'dimba zogulitsa, osati munda wa chimanga.

Nanga sindingathe kungoichotsa njerezayo?

Funsoli limabwera nthawi zonse, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Dothi la pamwamba lokha, masentimita 15 kuya kwake, pa hekitala imodzi limalemera pafupifupi matani 2,000. Likakhala ndi njereza 1 pa 100 iliyonse, ndiye kuti muli matani 20. Kuti muphe makilogalamu 100 a njereza pamafunika makilogalamu 32 a salifa wa ufa, kutanthauza matani oposa 6, omwe ndi matumba pafupifupi 128 a makilogalamu 50. Nthaka zambiri za njereza zili ndi 5 kapena 10 pa 100, mwinanso kuposa. Ndipo pH siitsika mokhazikika mpaka njereza yonse itatha. Palibe mlimi angakwanitse zimenezi, ngakhale esiteti. Salifa ali ndi malo ake pa bedi la nazale kapena m'dzenje la mtengo umodzi, pomwe mukungofuna kachigawo kochepa ka asidi pafupi ndi mizu.

Gypsum, ufa wa mwala wina wothira m'nthaka, nayenso anthu amamumva molakwika. Satsitsa pH ya nthaka ya njereza. Ntchito yake ndi kuchotsa sodium m'nthaka ija ya pH 9, ndipo pamenepo pamafunikanso ngalande zoti sodiumyo atulukire.

Chimene chimathandiza mbali zonse ndi manyowa owola bwino. Akamawola amatulutsa timaasidi tofooka tomwe timagwira ayironi, zinki ndi fosiforasi kuti njereza isazimange, amafewetsa chikhungwa, ndipo amasunga chinyezi. Ku Chikwawa ndi Nsanje ng'ombe ndi mbuzi zilipo zambiri, koma ndowe zimangowunjikana m'makola zaka ndi zaka. Popeza kotentha manyowa amatha msanga m'nthaka, kuli bwino kuika manja awiri pa phando lililonse chaka ndi chaka kusiyana ndi kumwaza ngolo zambiri kamodzi. Mukamapanga kompositi kapena feteleza wa mbeya wa m'munda wotere, phulusa lisiyeni. Lipite ku munda wa katondo. Kusakaniza phulusa ndi yureya kumangofulumizitsa kuuluka kuja.

Kenako sankhani mbewu mogwirizana ndi malo. Thonje limapirira njereza, ndipo si mwangozi kuti lakhala mbewu ya m'chigwa kuyambira kale. Tchana, anyezi, kabichi ndi mpendadzuwa zimachita bwino. Tiyi ndi chinanazi ndi za nthaka ya asidi, musavutike nazo. Pa mtedza, soya ndi mapira mitundu imasiyana kapiriridwe, choncho bzalani mitundu iwiri kapena itatu m'mizere yoyandikana pamalo povuta paja, muone wotsala wobiriwira, ndipo funsani achikulire a m'mudzimo mtundu umene sunawagwiritsepo mwala.

Nthaka imeneyi ili ndi zabwino zake zomwe anzathu a kumtunda amazisowa. Kashiamu ndi wokwanira, motero mtedza sukhala ndi makoko opanda kanthu chifukwa chosowa kashiamu, ndipo aluminium amene amapsereza mizu m'nthaka ya asidi kuno savuta. Kafukufuku amene Dr Allan Chilimba ndi anzake anafalitsa mu 2011 anapeza kuti chimanga cholimidwa m'makande a pH yokwera a m'chigwa cha Shire chimakhala ndi selenium wochuluka mpaka ka 10 kuposa cha m'nthaka zambiri za m'dziko muno, ndipo selenium ndi mchere wofunika m'thupi umene Amalawi ambiri amaperewera.

Nyengo ino, zikani zikhomo kuzungulira chigawo chomwe chayezukacho mbewu zikadali m'munda, chifukwa mukakolola malire ake simudzawaonanso. Chaka chamawa gawani chigawocho patatu: mbali ina manyowa pa phando, ina manyowa ndi zinki, ina monga mwa masiku onse, koma feteleza yense wokwirira. Zokolola za mbali iliyonse muziyeze pazokha ndi ndowa imodzi, mulembe m'kope.